Shati ya Bwana Kolala

M'malayini a apolisi, kumene nyumba zonse n'zofanana ngati mano a chipeso, mayi wa m'nyumba yakumapeto ankamutchula kuti Nasimbi. Dzinali linachokera pa simbi yake yamakala, yachikalekale, yolemera ngati mwana woyamba kukwawa. Magetsi analimo m'malayinimo, koma iye ankati simbi yamagetsi imangosisita chovala, sichiopseza. Mwamuna wake anali konsitabulo woyendetsa galimoto ya mkulu wa apolisi olimbana ndi zipolowe, ndipo anthu ankangomuti Dalaivala.

Kusita anakuphunzira ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, chaka chimene mayi ake anamwalira n'kumusiyira mng'ono wake wa zaka zitatu. Bambo awo anali mlonda, ndipo yunifolomu ya mlonda imafuna mzere pabuluku. Nasimbi ankaima panjerwa kuti afikire patebulo, mwana ali kumsana. Mwanayo anamusambitsa, anamupesa, anamuperekeza kusukulu, mpaka anakula n'kukhala mkazi wapakamwa posapuma. Atalembedwa ntchito kufakitale yonyika nsalu mu utoto, anzake sanachedwe kumupatsa dzina: Wailesi. Ankati iyi ndi wailesi yopanda pozimitsira.

M'malayinimo munali lamulo lina limene silinalembedwe m'buku lililonse. Linayamba tsiku limene mkazi wa mkulu wa apolisi uja anafika pakhomo pa Nasimbi atamanga nsalu padzanja.

"Amayi, dzanja langali labinya. Mungondithandizako zovala za abwana sabata ino yokha."

Dzanjalo linapola pasanathe milungu iwiri, koma thumba la zovala linapitiriza kubwera kwa zaka zisanu ndi zinayi. Lolemba ndi Lachisanu lililonse Dalaivala ankalitsitsa m'galimoto: mashati asanu akhaki, mabuluku atatu, nsalu yovindikira mpando wa abwana, ndipo m'kupita kwa nthawi munayamba kulowa makatani ndi nsalu za patebulo. Sopo anali wa Nasimbi, makala a Nasimbi, msana wa Nasimbi. Ngakhale zikomo sankafika kwa iye. Mawu okha amene ankabwera anali odzera mwa mwamuna wake: "Akuti kolala ya dzulo inagona."

Mkuluyo anyamata ake ankamutchula kuseri kuti Bwana Kolala. Anali munthu wathupi, wosamba kawiri pa tsiku, wokonda kunena kuti wapolisi amayambira pakolala. Akaima pagalasi sankaona china koma nsonga ziwiri za pakhosipo. Pa masiku akuluakulu sankadziveka yekha, kuopa makwinya. Ankaitana Dalaivala kuti aime kumbuyo kwake atatambasula shati, iye n'kungolowetsa mikono ngati mwana. Ndipo palibe chimene ankachiopa kuposa thukuta. Kukangotentha pang'ono, jekete ankavula msangamsanga kuti kolala isafote.

Lamlungu lina masana Wailesi anabwera kudzacheza. Anakhala pakhonde n'kutambasula manja ake pamaondo. Anali abuluu mpaka m'zigongono, osweka m'mphako za zala, ndipo dzanja lamanja linali ndi zala zinayi zokha, poti chaching'ono chinadyedwa ndi makina chaka chake choyamba pantchito.

"Asisi, taonani. Awa ndi manja a munthu kapena ndi mapazi a nkhuku? Chaka chachitatu tikupempha magolovesi. Magolovesi basi! Akutiuza kuti ali m'njira. Kaya akubwera wapansi magolovesiwo."

"Usandigwirire mashati a eni ake ndi manja amenewo," anatero Nasimbi, akukupiza simbi kuti makala ayake.

"Musaope, awa ndi ouma. Komanso utoto wathu ukadontha pachovala, mukauthamangira ndi madzi ozizira ndi sopo umachoka. Koma mukauthira mchere n'kuudinda ndi simbi yamotoyo, basi, wakwatiwa. Suchokanso mpaka chovala chitang'ambika."

Dalaivala, amene ankapukuta nsapato za abwana pambali, anakweza mutu.

"Alamu, zikumveka zoti Lachitatu mukuchita sitalaka, mukutseka geti la fakitale. Ine ndikupempheni chinthu chimodzi. Musakaime kutsogolo."

"Nanga wailesi amaiika kuseri kwa kabati, alamu? Inu mudzangotiimbira hutala, ife tidzakuvinirani."

"Si zoseka. Lamulo limati mkulu alengeze katatu pa chimkuzamawu kuti anthu abalalike, kenako adikire. Akakana, ndiye utsi wokhetsa misozi. Zibonga n'za amene akumenya apolisi basi. Limatero lamulo. Koma abwana anga kudikira sakudziwa."

"Ndiye mukawaphunzitse," anatero Wailesi, n'kuseka mpaka kugwira m'mimba.

Lachitatu m'mawa Nasimbi anapereka shati yosita bwino, yonunkhira sitachi. Cha m'ma teni ali kuyanika zovala, anamva phokoso kutali, ngati anthu akuswa matabwa. Kenako mphepo inabweretsa kafungo koyabwa m'maso. Amayi a m'malayini anatola ana awo n'kutseka mawindo. Nasimbi anakhalabe pachingwe, chovala chonyowa chili m'manja, madzi akutsikira m'zigongono.

Nasimbi anakamupeza Wailesi kuchipatala madzulo a tsiku lomwelo. Nkhope inali itatupa moti akanapanda kuona manja abuluuwo sakanamuzindikira. Nsagwada inathyoka pawiri, mano atatu kunalibe. Adokotala anati adzamanga mano akumwamba ndi akunsi pamodzi ndi mawaya, ndipo pakamwa sipadzatseguka kwa milungu isanu ndi itatu. Za mayankhulidwe ake pambuyo pake anangogwedeza phewa.

Pambali pa bedi panali mayi wina wa kufakitale wovala mpango wofiira, amene anafotokoza zonse.

"Ife sitinagende munthu, amayi. Tinangotulutsa ndowa ya utoto, aliyense kuviika dzanja n'kudinda pakhoma la fakitale, kuti eni ake akabwera awerenge manja opanda magolovesi. Uyu ndiye ankatsogolera nyimbo. Apolisi atafika, tinaona kuti manambala a pachifuwa achotsa, nyota za udindo za paphewa achotsa, kumaso atseka ndi zipewa zagalasi. Chimkuzamawu chinalankhula kamodzi kokha. Kamodzi! Mawu asanathe, utsi uli kale pakati pathu. Ine ndinagwa. Pokweza mutu ndinangoona chimunthu chachikulu mu utsimo chikutsitsa chibonga kumaso kwa uyu, kawiri. Iye anali atagwada, akukhosomola. Sanamenye munthu."

"Nkhope munaiona?"

"Nkhope yake iti? Onse anali ngati mabotolo."

Tsiku lotsatira wailesi yeniyeni inalengeza zimene apolisi ananena. Inati chenjezo linaperekedwa katatu monga mwa lamulo, mayi mmodzi anavulala atagwa pakhoma limene anakwera yekha, ndipo mkulu wa apolisi anatsogolera ntchito yonse ali m'galimoto, sanatsikemo. Umboni wa zimenezi unali wa woyendetsa galimotoyo, amene anasaina.

Nasimbi anazimitsa wailesiyo n'kuyang'ana mwamuna wake, amene anali atakhala patebulo akuzunguza kapu yopanda kanthu.

"Abambo, mwasaina?"

"Pepala analemba kale. Ine anangondilozera poika dzina."

"Anatsika kapena sanatsike?"

"Mayi, nyumba ino ndi ya boma. Ana awiri ali pasukulu. Zaka zinayi zokha zatsala kuti ndipume."

"Sindinafunse za nyumba."

Dalaivala anaimirira, natenga chipewa chake, natuluka. Nasimbi sanamutsatire ndi mawu. Anali mkazi wosakweza mawu chibadwire, ndipo anthu ambiri ankaganiza kuti munthu wotere sasunga kanthu mumtima.

Lachisanu thumba linabwera monga mwa masiku onse. Nasimbi analikhuthulira pasimenti kuseri kwa nyumba n'kuyamba kusankha, zoyera uku, zakhaki uku. Shati ya Lachitatu anaidziwa ndi fungo la utsi lija. Anaitembenuza kuti aone m'khosi.

Kumsana, pamwamba pang'ono pa pamene pamadutsa lamba, panali dzanja. Dzanja labuluu, lathunthu, chikhato ndi zala zotambasuka, lokokera pansi pang'ono ngati mwini wake ankatsetsereka. Anawerenga zalazo. Anawerenganso. Zinali zinayi.

Anakhala pansi pasimenti yonyowayo. Anaona m'maganizo mwake mmene zinachitikira: munthu wamenya kawiri, watembenuka kuti azipita, ndipo mwana uja, ali chogwada, pakamwa pali magazi, watambasula dzanja kuti amugwire. Sanathe kumugwira. Anangomusiyira chizindikiro. Nasimbi anafunyulula nsalu ya pampando wa galimoto, ndipo nayonso inali ndi banga labuluu pamalo oyenerana ndi msana. Choncho anyamata amene anali kumbuyo kwa bwana wawo anaona, ndipo anakhala chete. Mwini wake sanaone, chifukwa msana suoneka pagalasi. Mkazi wake sanaone, chifukwa kwa zaka zisanu ndi zinayi sanagwirepo chovala chakuda cha mwamuna wake. M'dziko lonse munthu mmodzi yekha ndi amene ankayang'ana kumsana kwa shati za Bwana Kolala.

Anaika dzanja lake pamwamba pa dzanja la utotolo. Linali laling'ono kuposa lake. Ndi dzanja lomwe lija ankalitsegula kuti achotse dothi mwana asanadye.

Madzi ozizira anali pomwepo m'beseni, sopo ali pambali. Nasimbi analowa m'nyumba n'kutenga mchere.

Shatiyo anaichapa mosamala, kolala, m'khwapa, manja, kutsogolo konse, koma kumsana sanafikitseko sopo. Pamenepo anawazapo madzi amchere, nayala kansalu kopyapyala, nadzaza simbi ndi makala ofiira. Anadinda. Nthunzi inatuluka phwii. Anadindanso, akutsamira ndi thupi lonse, mpaka utoto unalowa mu ulusi n'kuda bii ngati unabadwira momwemo. Kenako anaipinda, naiika m'chikwama cha pilo pamodzi ndi nsalu ya pampando ija, nazibisa pansi pa bokosi la zovala za ana. Lolemba anabweza mashati anayi. Palibe amene anawerenga.

Poyamba anaganiza zopita nayo kwa atsogoleri a ogwira ntchito. Koma shati yakhaki ilibe dzina. Apolisi makumi anayi anavala zofanana tsiku lija, ndipo akanangonena kuti ndi ya wina aliyense, kapena kuti mkazi wa konsitabulo waba katundu wa boma. Shatiyo ikanazimiririka mu ofesi ina, iye n'kutsala ndi mlandu. Anaona kuti pafunika kuti anthu adzaione ili pathupi la mwini wake, pamalo pamene sangaivule n'kuibisa.

Anadikira milungu isanu ndi umodzi. M'mawa uliwonse ankapita kuchipatala ndi botolo la mkaka ndi msuzi wosefa kawiri, n'kumwetsa mng'ono wake ndi kapaipi kolowetsa pa mpata wa mano osowa aja. Ankamupukuta malovu, kumusambitsa, kumuchapira, monga kale. Wailesi anaonda mpaka mafupa a m'khosi kuonekera. Nthawi zina ankayesa kuyankhula, mawu n'kumangogunda kuseri kwa mawaya ngati njuchi m'botolo, kenako misozi.

"Usavutike," ankatero Nasimbi. "Wanena kale. Ine ndamva."

Masana ankabwerera kukasita. Makolala a milungu imeneyo sanaonekepo m'malayini monse. Ankaima njo, akuthwa ngati mpeni. Mpaka tsiku lina Dalaivala anabwera ndi uthenga wachilendo.

"Akuti masiku ano dzanja lanu lakhwima."

"Muwauze kuti sanaone kanthu," anayankha Nasimbi, maso ali pasimbi.

Ankati akamayendetsa simbi pakhosi la shati, ankaganiza za khosi limene lidzalowemo, lonenepa, lopaka mafuta onunkhira. Sankadziletsa kuganiza choncho. Ankapemphera monga kale, koma pofika pa mawu okhululukira adani ankangotseka pakamwa n'kudikira kuti anzake adutsepo.

Ogwira ntchito sanagone, ndipo mapeto ake boma linakhazikitsa komiti yofufuza za tsiku lija. Inati idzamva maumboni poyera, mu holo ya pafupi ndi msika, ndipo Bwana Kolala adzayankhula Lachinayi nthawi ya leveni. Lachitatu masana Nasimbi ananyika mashati onse anayi m'beseni, nawasiya momwemo. Anatulutsa yachisanu ija, naithira sitachi, naisita kutsogolo mpaka kuwala, naipinda msana uli mkati, kolala ili pamwamba. Anapita nayo yekha kunyumba yaikulu.

"Adona, pepani, zinazo sizinaume. Koma iyi ndaikonzera mawa."

Mkazi wa bwanayo anayendetsa chala pakolala, osaifunyulula.

"Eee, koma amayi inu! Abwana akaoneka ngati mkwati."

"Akaonekadi," anatero Nasimbi.

Panatsala chinthu chimodzi chimene sakanatha kuchisita. Lachinayi linali tsiku lalikulu, ndiye woimirira kumbuyo kwa bwana atatambasula shati adzakhala mwamuna wake. Dzanja lija lidzakhala pamaso pake penipeni. Akhoza kunena kuti pali banga, bwana, tibwereke ina kwa a sajeni, nkhani n'kuthera pomwepo. Nasimbi sanamuuze kanthu. M'mawa anamupatsa madzi osamba, namupukutira nsapato, ndipo pamene ankatuluka anangoti:

"Abambo, lero mukawaveke bwino abwana anu."

Nasimbi anafika kuholo anthu asanabwere, atanyamula kansanza m'manja. Mlonda wa pakhomo sanamufunse kanthu, poti mayi wonyamula kansanza safunsidwa. Anapukuta mabenchi. Anapukuta mawindo a mbali yonse ya kum'mawa, ndipo lililonse akalipukuta ankalitseka n'kukhoma kachitsulo kake. Mpando wa mboni anaukoka pang'ono, mapazi awiri okha, kuufikitsa pamene dzuwa lidzagwere likakwera. Denga linali la malata. Kenako anapita kukatenga mng'ono wake kuchipatala, nakhala naye pabenchi yachitatu, nsalu ya pampando ija ili m'chikwama chake, pakati pa anthu a manja abuluu.

Bwana Kolala analowa nthawi itakwana, nyota zili paphewa, jekete yomanga mabatani onse. Kumbuyo kwake kunali Dalaivala atanyamula chikwama. Nasimbi anayang'ana kolala. Inali yakuthwa, koma ali patali sakanatha kudziwa ngati inali yake kapena yobwereka. Anayang'ana mwamuna wake. Iye maso anali pansi.

Mboniyo inakhala pampando, nkhope kwa a komiti, msana kwa anthu. Wapampando wa komitiyo anali mayi wachikulire wa magalasi, woyankhula pang'onopang'ono.

"Tiuzeni, chenjezo munalipereka kangati?"

"Katatu, amayi, monga lamulo linenera."

Anthu anang'ung'udza. Mayi wa mpango wofiira uja anati chapansipansi, "Katatu kake n'kamene anawerengera kumaloto."

"Ndipo pakati pa chenjezo ndi utsi panapita nthawi yotani?"

"Mphindi khumi ndi zisanu."

"Inuyo munali kuti?"

"M'galimoto, amayi. Mkulu satsika. Mkulu amakhala poti aziona zonse. Phazi langa silinaponde pabwalo la fakitale tsiku limenelo."

Dzuwa linali litafika pampando. Malata anayamba kulira tetete. Amuna ena pamabenchi ankadzikupiza ndi zipewa, wina anayesa kutsegula windo koma kachitsulo kanali kolimba. Nasimbi ankayang'ana kumbuyo kwa khosi la mboniyo. Kadontho koyamba kanatuluka m'tsitsi, kanatsika, kanaima pamwamba penipeni pa kolala. Bwana Kolala anakapukuta ndi kampango. Kanatuluka kena. Anasuntha pampando. Anayankha mafunso ena awiri, dzanja likupita kukhosi mobwerezabwereza.

"Amayi wapampando, mundilole ndivule jekete. Muno mwatentha."

"Vulani."

Anaimirira, namasula mabatani, natambasulira mikono kumbuyo osacheuka n'komwe.

"Dalaivala!"

Dalaivala anabwera. Anaima kumbuyo kwa bwana wake, nagwira jekete m'mapewa, ndipo kwa kanthawi sanasunthe. Pamenepo anakweza maso koyamba, nayang'ana pabenchi yachitatu. Sanayang'ane mkazi wake. Anayang'ana mlamu wake, ndi mawaya a pakamwa pake. Kenako anakoka jekete, naipinda pamkono, napatuka kupita pambali ndithu, kufikira kukhoma, kuti asatchingire munthu.



Dzanjalo linali pomwepo pa khaki wosita bwino, lakuda bii, zala zinayi zitatambasuka. Bwana Kolala anakonza kolala yake ndi zala ziwiri n'kukhala pansi.

"Monga ndimanena, amayi, ine sindinatsike..."

Mwamuna wina kumbuyo anaseka kamodzi, kuseka kouma. Mayi wa mpango wofiira anaimirira.

"Abwana, tatembenukani awone a komiti! Mwabwera ndi mboni kumsana!"

Holo yonse inaphulika. Wapampando anamenya patebulo, nalamula kuti mboni iimirire ndi kutembenuka. Bwana Kolala anatembenuka atakwiya, osadziwa chimene chikuchitika, ndipo a komiti onse atatu anaweramira kutsogolo. Iye anayesa kudziyang'ana kumsana, nazungulira kamodzi, nazunguliranso, ngati galu wofuna mchira wake. Pamenepo Wailesi anaimirira, akugwira phewa la mkulu wake. Anangokweza dzanja lake lamanja m'mwamba, zala zitatambasuka. Anthu anawerenga mokweza, onse pamodzi: chimodzi, ziwiri, zitatu, zinayi.

Mmodzi wa a komiti atamufotokozera chimene chinali kumsana kwake, Bwana Kolala anatuwa, kenako anafuula.

"Ndi chiwembu ichi! Wachita zimenezi ndi wochapa! Mkazi wa dalaivala wangayu, ndi m'bale wake wa mayiyo!"

"Ndiye shatiyi ndi yanu?" anafunsa wapampando.

"Ndi yanga, koma..."

"Ndipo mkazi wa konsitabulo amakuchapirani. Analembedwa ntchito imeneyi ndi ndani?"

"Amangothandiza, amayi."

"Kuyambira liti?"

Yankho linachokera pabenchi yachitatu, mwa mawu otsika koma omveka.

"Zaka zisanu ndi zinayi, amayi. Shatiyo inabwera m'thumba Lachisanu la sabata ya sitalaka, dzanjalo lili pomwepo. Mng'ono wangayu anali atagona kale m'chipatala, ndipo watulukamo lero. Nsalu ya pampando wa galimoto ndi iyi, banga lake ndi ilo. Ine ndangosita."

Wapampando anayang'ana nsaluyo, kenako anayang'ana kukhoma kumene kunaima munthu wonyamula jekete.

"Konsitabulo, inu munasaina kuti abwana anu sanatsike m'galimoto. Mukubwerezanso mawu amenewo pano?"

Dalaivala anayankha ali kukhoma komweko.

"Anatsika, amayi. Chimkuzamawu anayankhulira kamodzi, n'kundiponyera pamiyendo. Anandilanda chibonga changa. Pobwerera anati ndikachitsuke."

"Munachitsuka?"

"Ndinachitsuka, amayi."

Nasimbi anamva mawu amenewo ngati munthu wamuponda pachala. Za chibongazo sanazidziwe. Anaziika pambali mumtima mwake, pamalo pamene ankaika zinthu zofunika kudzazibwerera.

Komiti inalamula kuti shatiyo ivulidwe pomwepo ikhale umboni. Bwana Kolala anapempha kuti akavulire kuchipinda, koma wapampando anati chovalacho chisachoke pamaso pa komiti. Anamasula mabatani yekha, zala zikuphonya mabowo, pamaso pa anthu mazana awiri a manja osweka. Mkati anali ndi vesiti yonyowa ndi thukuta, yobooka pamimba. Vesitiyo sinkabwera m'thumba la Nasimbi, ndipo zinkaonekeratu. Nasimbi sanaphethire. Anayang'ana zonse mpaka batani lomaliza, ndipo pambali pake anamva phokoso lachilendo, ngati ketulo yoyamba kuwira. Anali Wailesi, akuseka kuseri kwa mawaya, misozi ikutsika chifukwa cha ululu, koma osaleka.

Bwana Kolala anaimitsidwa ntchito sabata yomweyo, ndipo nkhani yake inapita kukhoti, kumene ikuyenda pang'onopang'ono monga nkhani za kukhoti zimayendera. Dalaivala anachotsedwa ntchito chifukwa chosaina bodza, ndipo anapatsidwa masiku khumi ndi anayi kuti atuluke m'nyumba ya boma. Amayi a m'malayini ena anasiya kupereka moni kwa Nasimbi, ena ankabwera kuseri kwa nyumba kudzamugwira dzanja mwakachetechete. Magolovesi anafika kufakitale, ochepa, aakulu kuposa manja a akazi. Mawaya atachotsedwa, Wailesi anayambanso kuyankhula, koma pakamwa pake panapotoka, ndipo mawu ena amatuluka olumala. Nyimbo satsogoleranso.

Banjali linasamukira m'zipinda ziwiri kuseri kwa msika. Nasimbi ndi mwamuna wake amadyera patebulo limodzi, ndipo amamupatsabe madzi osamba, koma nkhani ya chibonga sanaiiwale. Anamuuza kamodzi kokha, akupachika makatani m'nyumba yatsopanoyo, kuti nsapato azipukuta yekha kuyambira tsopano, ndipo malaya akafuna mzere simbi ili apo. Dalaivala sanatsutse. Wapsa kale kawiri pachala.

Mashati anayi aja anawabweza tsiku losamuka. Anali atakhala m'beseni milungu iwiri, atachita nkhungu zobiriwira, akununkha ngati chithaphwi. Anawanyamula ndi beseni lomwelo pamutu, dzuwa lili pamutu, nadutsa pakati pa malayini onse anthu akuona, nakawakhuthulira pakhonde lopukuta la nyumba yaikulu. Adona anatuluka atagwira mphuno.

"Amayi, n'chiyani chimenechi?"

"Sabata ija yatha, adona," anatero Nasimbi. "Dzanja lanu ndikhulupirira linapola."

Koma chimene anthu a manja abuluu amakonda kukamba mpaka lero ndi chimene chinachitika mu holo muja anthu atayamba kutuluka. Kalaliki wa komiti anatenga shati ija, naikwinya ngati nsanza kuti ailowetse m'pepala la pulasitiki. Nasimbi anafika patebulo n'kumugwira mkono.

"Achimwene, simupinda choncho. Mudzaononga."

Anailanda, naiyala patebulo, naisalaza ndi chikhato. Anapinda mkono wina, anapinda winawo. Kolala, imene anaitumikira zaka zisanu ndi zinayi, anaithyolera mkati ndi chala chachikulu mpaka sitachi inalira. Ndipo anaipereka kwa kalalikiyo msana uli pamwamba, kuti aliyense wotsegula pepalalo, kaya ndi woweruza kaya ndi wosesa, ayambe waona dzanja.